Kodi Inali Nthawi Yanji?

Ine sindigwira odwala.
Ofesi yanga ku Recife ndi kachipinda koyang'ana khoma,
fani yolira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo,
ndi mapu a Pernambuco pomwe ndinabayapo mapini asanu ndi awiri.
Pini iliyonse ndi chipatala.
Chipatala chilichonse chili ndi wotchi yake, ndi liuma lake.

Chaka choyamba chinathera pa mawotchi.
Ya ku Caruaru inkatsogola ndi mphindi zinayi,
ya ku Garanhuns inaima tsiku lina
ndipo anthu anangoizolowera ili chiimire.
Ndinati kwa madokotala: mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka
sudikira kuti tigwirizane.
Anandiseka, kenako anagula mabatire.

Amati mutu umodzi susenza denga.
Sananene kuti mitu isanu ndi iwiri
imayamba yakangana za kumene khomo liyang'ane.
Dokotala Edvânia wa ku Petrolina
anakana kusaina chikalata cha chilolezo masabata asanu ndi limodzi
chifukwa cha liwu limodzi,
akuti wothyola mango m'minda ya kwawoko sangalimve.
Ankanena zoona. Tinalisintha.

Lachiwiri usiku, foni.
Valdemir, namwino wa ku Garanhuns, akupumira m'mwamba:
bambo wosoka nsapato wagwidwa ndi sitiroko,
pakamwa papotoka,
dzanja lamanja lalendewera ngati nsanza yonyowa.
Chithunzi cha ubongo chatuluka, mkazi wake wavomera,
koma pa fomu patsala kabokosi kamodzi kopanda kanthu:
anaoneka komaliza ali bwino nthawi yanji?
Popanda ola limenelo kafukufuku samulandira.

Mayi Zuleide sanayang'ane wotchi. Akanayang'aniranji?
"Amakhoma chidendene cha nsapato ya mwana wa oyandikana nawo,
wailesi ikuimba nyimbo ya akodiyoni
ija tinavina tsiku la ukwati wathu.
Anandikuwira kuti ndidzamve.
Pamene ndimafika ndi khofi, hamala inali pansi."

Ndinaimbira wailesiyo.
Mnyamata wa usiku, mkamwa muli buledi,
anafufuza ndandanda ya nyimbo:
mphindi zisanu ndi zitatu isanakwane seveni koloko.
Ndinawerenga pa zala ngati mwana wa sukulu.
Khomo linali lisanatsekeke,
koma mpata wake wongokwana lumo.

Kompyuta inachita maere.
Kabotolo nambala 318 kanatuluka m'firiji.
Kaya munali mankhwala atsopano kapena akale aja,
sindidziwa, Valdemir sadziwa,
Edvânia ndi ukali wake wonse sadziwa.
Umbuli umenewu timaulonda usana ndi usiku,
pakuti diso lodziwa limakondera.

Kwa ine bamboyo anasanduka 04-117,
mzere umodzi pakati pa mizere mazana awiri,
ina yomwe inathera pakati
ndipo ndinaitseka ndekha ndi deti.

Itatha miyezi itatu ndinaimba foni, mafunso ali pa pepala:
amasamba yekha? Amayenda popanda ndodo?
Ndinkayembekeza mawu a mayi uja.
Anayankha mwini wake,
lilime lolemera, mawu akutuluka limodzilimodzi
ngati misomali yozulidwa pa thabwa lakale.
Anati hamala ikumupulumukabe
koma singano wayamba kuigwira.
Anati dzina lake ndi Genival,
ndilembe bwinobwino.

Pa fomu palibe malo a dzina.
Ndinalemba 2 m'kabokosi kake,
dzinalo ndinalemba pa chikhatho.

Musandifunse ngati ndi kabotolo kaja kanamudzutsa.
Pakufunika anthu ena mazana anayi
tisanatsegule pakamwa,
ndipo mwina yankho lidzakhala lakuti ayi.
Ayi nayenso ndi katundu wofunika kumufikitsa bwino.

Kunja mvula ya ku nyanja yayamba kumenya mazenera.
Ku Arcoverde firiji ikuchita phokoso lachilendo,
ku Serra Talhada namwino wophunzitsidwa uja wasamutsidwa.
Wotchi ya ku Caruaru yayambanso kutsogola.
Mawa m'mawa ndiwaimbira.